Mwana akanenepa mopitirira muyezo: mlandu ndi wa pakhomo kapena wa kunja kwa mpanda?

Mwana akanenepa mpaka kumalephera kuthamanga ndi anzake, anthu sachedwa kupeza wolakwa, ndipo chala chimaloza mayi ake. "Kodi amamudyetsa chiyani mwana ameneyu?" Ofunsawo nthawi zambiri ndi omwe aja ankamunyamula ali wakhanda n'kumati, "Koma ndiye mukusamala, mayi, taonani masayawa." Palinso ena amene amauchotsa mlandu wonse pakhomo n'kuusenzetsa makampani a zakumwa, kukwera mitengo kwa zinthu, mafoni ndi sukulu zopanda bwalo la masewero. Madokotala ndi akatswiri a kadyedwe akhala akukokana pa nkhaniyi kwa zaka zambiri. Zimene apeza, m'mene ndikuzimvera ine, n'zakuti banja limasankhadi, koma limasankha pa zinthu zimene ena aliyalira kale, ndipo limasankhira mwana amene anabadwa ndi njala yakeyake.

Wina anganene kuti kuno ku Zomba vuto lathu ndi njala, osati kukhuta. Sakunama. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016, amene anachita a National Statistical Office, omwe likulu lawo lili mumzinda wathu uno, anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malawi anali opinimbira, pomwe olemera mopitirira muyezo anali pafupifupi 5 pa 100. Koma kafukufuku yemweyo anapezanso kuti amayi 21 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali olemera mopitirira muyezo, ndipo m'matauni chiwerengerocho chinafika 36 pa 100. Ana athu akukulira m'makomo a amayi amenewa, akudya za m'mphika womwewo. Padziko lonse, bungwe loona za umoyo la WHO likuti mu 1990 ana ndi achinyamata 8 pa 100 a zaka 5 mpaka 19 anali olemera mopitirira muyezo. Pofika 2022 anali 20 pa 100, ndipo 160 miliyoni mwa iwo anali onenepa kofika poti ndi matenda. Mu 2025 a UNICEF analengeza kuti kwa nthawi yoyamba ana a msinkhu wa sukulu onenepa kwambiri achuluka kuposa owonda kwambiri padziko lapansi. Chigawo chathu cha kum'mwera kwa chipululu cha Sahara sichinafike pamenepo. Ndiye kuti nthawi yoganiza bwino tidakali nayo, ndipo n'chifukwa chake ndikulemba.

Timvane kaye za mwana amene tikumunena. Khanda la miyezi isanu la masaya ndi mapindi m'ntchafu, loyamwa bere lokha, si nkhani yathu. Ambiri otere amaphwa okha akayamba kukwawa ndi kuyenda. Achipatala sayeza ndi maso. Mwana wosakwana zaka 5 amamuyerekeza kulemera ndi kutalika kwake. Wa zaka 5 kupita m'tsogolo amamuwerengera BMI: makilogalamu ake amawagawa ndi kutalika kwake m'mamita, n'kugawanso kachiwiri ndi kutalika komweko, kenaka amaona pamene nambalayo yagwera pa tchati cha ana a zaka zake, anyamata paokha, atsikana paokha. Sikelo imene tinazolowera, ya kakabudula kopachika pa mbedza pansi pa mtengo wa mango, pamodzi ndi kalamba koyezera pamkono, zinapangidwa kuti zigwire mwana wonyentchera, ndipo zapulumutsa ana ambiri. Koma mwana wopinimbira amene wayamba kusunga mafuta akhoza kugwera pa mzere wabwino wa kulemera kwa zaka zake, aliyense n'kusangalala, chikhalirecho ndi wamfupi wolemera kuposa msinkhu wake. Komanso mwana akangomaliza katemera ambiri timasiya kupita naye kusikelo, ndipo zaka za kupulayimale, pamene kunenepaku kumazika mizu, zimadutsa popanda womuyeza. Chenjezo lina lofunika kwathu kuno: mwana wotupa mapazi ndi nkhope, amene ukamudina ndi chala pamatsala chibowo, sananenepe. Kumeneko ndi kutupikana, ndipo ayenera kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Chimene mwana amabadwa nacho

Mu 1986 dokotala Albert Stunkard ndi anzake anafalitsa zimene anapeza pa anthu 540 a ku Denmark amene analeredwa ndi makolo osawabereka. Atakula, matupi awo anatsata makolo owabereka, amene sanadye nawo mbale imodzi, osati makolo owalera. Kafukufuku wa mapasa m'maiko osiyanasiyana wakhala akusonyeza zomwezo: pakati pa anthu okhala m'dera limodzi, 40 mpaka 70 pa 100 ya kusiyana kwa matupi awo imachokera ku chibadwa.

Chimene mwana amatengera kwenikweni si mafutawo ayi, koma njala ndi kukhuta, ndipo zimenezi zimalamulidwa mu ubongo. Mu 1994 Jeffrey Friedman wa ku New York anatulukira homoni yotchedwa leptin, imene mafuta a m'thupi amatulutsa pouza ubongo kuti chakudya chosungidwa chilipo chokwanira. Patapita zaka zitatu, madokotala a ku Cambridge anapeza ana awiri apachibale amene matupi awo sankapanga leptin. Anawo ankalirira chakudya nthawi zonse ndipo ananenepa koopsa ali aang'ono. Ana otere atayamba kubayidwa leptin, njala ija inatsika, thupi n'kuphwa. Matenda amenewa ndi osowa kwambiri, koma anaphunzitsa dziko kuti njala si khalidwe. Mwa ana ambiri mulibe chinthu chimodzi chachikulu chotero. Muli tizinthu tambirimbiri ta chibadwa, kalikonse kongowonjezera njala pang'ono kapena kuchedwetsa kukhuta pang'ono.

Mayi aliyense amene walera ana angapo anaziona izi ndi maso. Ana awiri a mimba imodzi, nsima ya mphika umodzi. Wina wadya theka la mtanda, wasamba m'manja, wathamangira kumpira. Mnzake wamaliza wake, wanyambita mbale ya ndiwo, maso ali ku mphika wa mkute. Wachiwiriyu timamutcha wadyera, wosusuka, ngati kuti anachita kusankha. Iye akungomvera thupi lake monga m'mene mbale wake akumverera lake.

Komabe chibadwa pachokha sichingafotokoze zimene zachitika kuyambira 1990, pakuti chibadwa cha mtundu wa anthu sichisintha pa zaka 30. Chitsanzo chodziwika ndi cha anthu a mtundu wa Pima. Ena amakhala ku Arizona m'dziko la America, ena m'mapiri a ku Mexico, ndipo ndi amagazi amodzi. A ku Mexico, amene ankalima ndi manja n'kumadya za m'munda mwawo, anapezeka ochepa thupi, ndipo matenda a shuga anali ochepa pakati pawo kuyerekeza ndi abale awo a ku Arizona, amene amadya za m'sitolo n'kumayenda pa galimoto. Zili ngati mvula ya kuno kwathu: imagwa mofanana pa mzinda wonse, koma madzi amayamba kulowa m'nyumba za m'mphepete mwa Likangala. Chibadwa ndicho chimanena mwana amene ayambe kunenepa zinthu zikasintha; chimene chasinthacho chili kunja kwa thupi lake.

Njala ya dzana

Mbali iyi ndi imene imandikhudza kwambiri, chifukwa ndi yathu. M'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili kumapeto, kumadzulo kwa dziko la Netherlands kunagwa njala yoopsa. Mu 1976 akatswiri anafalitsa zimene anapeza atayang'ana anyamata pafupifupi 300,000 a zaka 19 amene ankayezedwa polowa usilikali. Amene amayi awo anakumana ndi njalayo mimba ili yaing'ono anapezeka onenepa kwambiri mochuluka kuposa anzawo. Pambuyo pake David Barker wa ku Southampton anasonyeza kuti ana obadwa ochepa thupi amadzadwala kwambiri mtima ndi shuga akakula. Kufotokoza kwake n'kwakuti mwana amene akusowa chakudya m'mimba amakonza thupi lake kuti lizisunga chilichonse chimene lapeza. Thupi lotere likadzakumana ndi mafuta ndi shuga wambiri, limasunga mopitirira, makamaka pamimba. Ngozi imakula kwambiri kwa mwana amene anabadwa wochepa kapena anapinimbira, kenaka n'kunenepa mofulumira atadutsa zaka ziwiri.

Tsopano taganizani za ife. Agogo athu amasimba za njala ya 1949. Ambirife tikukumbukira ya 2002 ndi ya 2005. Namondwe Freddy anakokolola minda ya kuno kum'mwera mu Malichi 2023, ndipo chaka chotsatira kunabwera ng'amba imene inachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Mtsikana amene anabadwa m'njala ya 2002 lero ndi mayi, mwina akukhala ku Chinamwali kapena ku Matawale, kumene chiwaya cha tchipisi chili pa mphambano iliyonse. Iye sanasankhe chaka chobadwa. Ndipo mbali inayo nayo ilipo: mayi amene watenga mimba ali wonenepa kwambiri, kapena amene shuga wamukwera ali woyembekezera, amabereka mwana amene ali pa chiopsezo chachikulu chodzanenepa. Choncho njala ndi kukhuta zonse ziwiri zimatha kumufikira mwana asanabadwe n'komwe.

Njala sinasiye chizindikiro m'matupi mokha, inachisiyanso m'mitima. Agogo amene anaikapo mwana m'manda chifukwa cha kunyentchera sangaone mdzukulu akusiya nsima n'kukhala chete. Onjezani zaka zija za kaliwondewonde, mankhwala a ma ARV asanayambe kuperekedwa mwaulere mu 2004, pamene munthu akangowonda anthu ankayamba kunong'onezana. M'badwo wonse unaphunzira kuti thupi lodzadza ndi umboni wakuti pakhomo pali mtendere, mwamuna akusamala, mkazi akudziwa kuphika, ndipo palibe akudwala. Kukambirana kwa mtundu uwu kumamveka m'makomo ambiri:

"Amayi, kuchipatala akuti Junior achepetse shuga m'tiyi, ndiponso tisamamukakamize kumaliza."

"Iwe mwana wanga, mwana amakula ndi kudya. Ufuna anthu azinena kuti mdzukulu wanga akuvutika ine ndili moyo?"

Agogowa sakulakwa mwadala. Akuteteza mwanayo ku ngozi imene iwo anaiona ndi maso awo, ndipo nzeru zawozo ndi zimene zinapulumutsa ana m'zaka za njala. Kungoti ngozi ina yatsopano yafika imene nzeruzo sizinakonzekere. Kodi tizitcha zimenezi kusankha kwa banja, kapena mbiri ya dziko imene yalowa m'khitchini? Ine sindikuona pamene mpeni ungadutse kuti uzilekanitse.

Pa geti la sukulu

Imani pa geti la sukulu ya pulayimale iliyonse mumzinda uno nthawi ya buleki. Amayi ayala mabeseni: mandasi, zitumbuwa, zigege zonyezimira mafuta, mapaketi a zibwente ofiira ndi achikasu atapachikidwa pa chingwe, mafilizesi m'kabokosi kozizira, maswiti m'botolo. Belu likangolira ana amathamangira pamenepo, ndalama ili chofumbata m'manja. Mwana wa zaka 8 amayang'ana chimene ndalama yakeyo ingagule, chokoma, chimene anzake akudya. Nthochi ilipo pa beseni la kumapeto, koma paketi ya zibwente ili ndi chithunzi, imalira potsegula, ndipo imasiya utoto pa zala umene aliyense auone. Mayi ake ali kuntchito kapena kumsika. Chimene anasankha iwo m'mawa n'chakuti mwana asakhale ndi njala m'kalasi, basi.

Zakudya zimenezi zili ndi mphamvu yambiri m'kachinthu kochepa. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9 (makalori ndi muyezo wa mphamvu ya m'chakudya), pomwe ya ufa kapena shuga ili ndi 4. Mbatata ya kachewere ikasanduka tchipisi, makalori ake pa kulemera komweko amachuluka pafupifupi katatu kuyerekeza ndi yowiritsa. Botolo la mamililita 300 la chakumwa cha kola lili ndi shuga woposa magalamu 30, timasipuni ta tiyi pafupifupi 8, pomwe malangizo a WHO a 2015 amati ndi bwino kwambiri munthu wamkulu asapyole timasipuni 6 pa tsiku lonse. Choipa china cha shuga wakumwa n'chakuti sakhutitsa. Mwana amamwa botolo lonse n'kudyabe nsima yake monga mwa masiku onse. Majuwisi osungunula ndi madzi, mayogati otsekemera ndi mahewu a m'mabotolo, amene makolo ambiri timawaona ngati a thanzi, nawonso amakhala ndi shuga wothira.

Mu 2019 Kevin Hall, katswiri wa ku America, anasunga anthu akuluakulu 20 m'chipatala cha kafukufuku kwa mwezi umodzi. Masabata awiri ankawapatsa zakudya zopangidwa m'fakitale, masabata awiri zakudya zophikidwa kuchokera ku zinthu zachilengedwe, ndipo aliyense ankadya m'mene wafunira. Pa zakudya za m'fakitale anthu omwewo ankadya makalori pafupifupi 500 owonjezera pa tsiku, ndipo analemera ndi pafupifupi kilogalamu imodzi. Palibe anawauza kuti adye zambiri, ndiponso khalidwe lawo silinasinthe pa masabata awiri. Chinasintha ndi chimene chinali m'mbale. Ngati zili choncho ndi akuluakulu, nanga mwana?

Chodandaulitsa n'chakuti Zomba si malo osowa chakudya chabwino. Kumsika waukulu kumapezeka nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru, nandolo, khobwe, mapeyala, matemba a ku Chilwa, mpunga wa ku Domasi ndi ku Likangala. M'mphepete mwa msewu wokwera ku Ku Chawe anyamata amagulitsa masitiroberi ndi zipatso zina za m'phiri, ngakhale kuti ambiri ogula ndi alendo a pa galimoto. Koma zipatso zili ndi nyengo yake, mango akatha atha, ndipo nsomba zimasowa nyanja ya Chilwa ikaphwa monga inachitira mu 1995 ndi mu 2018. Zibwente zilibe nyengo, siziola, ndipo zimagulitsidwa m'timapaketi togwirizana ndi kandalama kalikonse. Ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, makomo ambiri anayamba ndi kuchotsa mazira, mkaka, nsomba ndi zipatso, n'kutsala ndi zokhutitsa. Achipatala amatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo chiphunzitsocho n'choona, koma kudziwa magulu sikugula ndiwo.

Pakadali pano m'Malawi kunenepa kwambiri kumapezeka kwambiri m'mabanja opezako bwino, mosiyana ndi ku Ulaya ndi ku America kumene kwakhazikika pakati pa osauka. Maiko ambiri amene adutsa njira imeneyi aona vutoli likuyambira kwa olemera a m'tauni kenaka n'kutsikira kwa osauka. Mumzinda uno njira zonse ziwiri zikuoneka kale. Pali mwana wa ku Mulunguzi kapena ku Kalimbuka amene amapita kusukulu pa galimoto, m'chikwama muli juwisi, mabisiketi ndi soseji, akaweruka n'kukhala m'kati mwa mpanda wa njerwa ndi katuni pa TV. Makolo ake ali ndi mpata wosankha, ndipo kwa iwo ndinganene mosabisa kuti zambiri zili m'manja mwawo. Palinso mwana wa ku Chikanda kapena ku Mpondabwino amene mayi ake amadzuka mbandakucha kukapikula katundu. Makala akwera mtengo, magetsi azima, nthawi yophika phala palibe, ndiye amamusiyira kandalama ka zigege. Kuwaweruza awiriwa ndi muyezo umodzi n'kupanda chilungamo.

Za kuyenda ndi kusewera sindichulukitsa, chifukwa aliyense akuziona. WHO imati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azipeza mphindi 60 pa tsiku zothamanga mpaka kupuma mwamphamvu. Fulaye, jingo, chipako ndi mpira wachikulunga zinkakwaniritsa zimenezi popanda wowerenga mphindi. Lero malo amene ana ankasewerapo agawidwa mapuloti, sukulu zina zoyima pazokha zili m'nyumba zopanda bwalo, ana a Sitandade 8 amaweruka n'kulowanso m'kalasi ya patitayimu, ndipo kholo limene laona m'mene magalimoto ndi njinga zamoto za kabaza zimathamangira mumsewu wa M3 silingadzudzulidwe likamaletsa mwana kuyenda yekha. Tisaiwalenso kuti masewero, ngakhale ndi ofunika kwambiri pa mtima, mafupa ndi maganizo, paokha sachotsa thupi kwenikweni ngati kadyedwe sikanasinthe. Botolo limodzi limene mwana wamwa pa mphindi ziwiri limafuna kuthamanga kwa nthawi yaitali kuti lithe.

Zimene zili m'manja mwa banja

Nditanena zonsezi, sindikugwirizana ndi amene amati banja lilibe chochita. Limeneli ndi bodza lofooketsa, ndipo makampani okha ndi amene angapindule nalo. Mphamvu ya pakhomo ndi yaikulu mwana ali wamng'ono ndipo imanka nichepa akamakula. Wa zaka zitatu sagula chilichonse; amadya chimene chalowa m'nyumba. Wa zaka 15 ali ndi anzake, foni yake ndi njira zake. Akuluakulu anati kuongola mtengo m'poyamba, ndipo pa nkhani iyi akatswiri akugwirizana nawo.

Choyamba ndi chakumwa. Khomo limene ludzu limathetsedwa ndi madzi, zakumwa zotsekemera n'kukhala za pa Khirisimasi, pa Idi ndi pa ukwati, lachotsa kale gawo lalikulu la vuto, ndipo lapulumutsa ndalama. Tiyi nayenso tiyenera kumuyang'ana: masipuni atatu kapena anayi m'kapu ya mwana, kawiri pa tsiku, ndi shuga wofanana ndi wa botolo lija. N'zoona kuti shuga wa m'dziko muno amathiramo vitamini A, koma chimenecho si chifukwa chowonjezerera sipuni. Vitamini yemweyo ali m'mapapaya, m'mango, m'maungu, m'masamba obiriwira ndi m'mbatata yofiira m'kati. Mwana wosakwana zaka ziwiri safunika shuga wothira n'komwe, ndipo lilime lake limazolowera chimene lapatsidwa poyamba. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro amalidya bwinobwino ngati sanaphunzitsidwe kuti phala ndi shuga.

Kuyamwitsa bere lokha miyezi 6 yoyamba kumateteza mwana ku kutsekula m'mimba ndi chibayo, ndipo pa zimenezi palibe mkangano. Pa kunenepa, kafukufuku wambiri amasonyeza chitetezo chochepa, ndipo kafukufuku wamkulu wa ku Belarus sanapeze kusiyana kwenikweni. Ndikunena izi kuti mayi amene analephera kuyamwitsa pa zifukwa za matenda kapena ntchito asadzisenzetse mlandu umene umboni sukumupatsa.

Chachiwiri ndi kakhalidwe ka pa mphasa kapena pa tebulo. Kholo lisankhe chakudya, nthawi ndi malo; mwana asankhe kuchuluka kwa chimene adye. Kumukakamiza kumaliza kumamuphunzitsa kusamvera kukhuta kwake. Kumulonjeza switi akadya masamba kumamuphunzitsa kuti masamba ndi chilango, switi ndiye mphotho. Kudya maso ali pa TV kapena pa foni kumachititsa kuti asazindikire pamene wakhuta. Mgaiwa umasunga m'mimba nthawi yaitali kuposa ufa woyera chifukwa gaga wake sanachotsedwe. Ndiwo zotendera sizifuna mafuta, ndipo mafuta ophikira akamayezedwa ndi sipuni m'malo mopungulira botolo mumphika, amachepa popanda wodandaula. Tulo natonso n'tofunika kuposa m'mene ambiri timaganizira. Mwana wa kupulayimale amafunika maola 9 mpaka 12, ndipo wogona mochedwa amadzuka ndi njala yofuna zotsekemera.

Koma tikamati banja, tikunena ndani? Kusikelo kumapita amayi, ndipo uphungu wonse umathera pa iwo. Chonsecho amene amafika madzulo ndi jumbo ya tchipisi ndi botolo la malita awiri, posonyeza kuti mwezi watha bwino, kawirikawiri ndi bambo. Amene amakhala ndi mwana tsiku lonse ndi agogo kapena mtsikana wantchito, amene amamupatsa bisiketi kuti atonthole ntchito iyende. Amalume akabwera kudzaona mbumba sabwera chimanjamanja. Kwathu kuno mwana ndi wa anthu ambiri, choncho mayi yekha sangasinthe kadyedwe kake ena onse akukokera kwina. Kafukufuku wa Leonard Epstein ku America, amene anatsatira ana kwa zaka 10, anapeza kuti ana onenepa ankachita bwino kwambiri pamene makolo nawonso ankasintha kadyedwe ndi kayendedwe kawo, kusiyana ndi pamene mwana ankauzidwa yekha. Mwana amene akupatsidwa madzi abambo ake akumwa chakumwa chozizira patsogolo pake amamva kuti akulangidwa.

Zimene khomo limodzi silingathe

Maiko ena anazindikira kuti uphungu wokha sukwanira. Mexico inaika msonkho pa zakumwa zotsekemera mu 2014, ndipo anthu anachepetsa kugula, makamaka a m'mabanja osauka. South Africa ndi Britain anachita zofanana mu 2018, ndipo makampani ambiri anachepetsa shuga m'zakumwa zawo pofuna kupewa msonkhowo, kotero kuti ngakhale munthu amene sanasinthe chizolowezi chake anayamba kumwa shuga wochepa. Chile mu 2016 inalamula kuti mapaketi a zakudya za shuga, mchere kapena mafuta ambiri azikhala ndi chizindikiro chakuda kutsogolo, inaletsa kuwagulitsa m'sukulu, ndiponso inachotsa zithunzi za katuni zokopa ana. Malamulo otere sanathetse vutoli, ndipo kusintha kwa matupi a ana kumaoneka pang'onopang'ono, koma amapeputsa ntchito ya kholo lililonse nthawi imodzi, lophunzira ndi losaphunzira lomwe.

Kuno pali zimene sizidikira Nyumba ya Malamulo. Komiti ya sukulu ikhoza kukhala pansi ndi amayi a pa geti aja, osati kuwathamangitsa, pakuti nawonso akusaka fizi ya ana awo, koma kugwirizana kuti pa mabeseni pazikhalanso mbatata yophika, chinangwa, chimanga chootcha, mtedza, nthochi ndi magwafa, komanso kuti pasukulu pakhale madzi abwino akumwa. Phala la kusukulu, kumene lilipo, limachititsa kuti mwana asafike pa buleki ali ndi njala yogula chilichonse. Khonsolo ya mzinda ikamagawa malo, bwalo la ana lisakhale loyamba kugulitsidwa. Mipingo ndi mizikiti, imene imasonkhanitsa agogo, abambo ndi amayi pamodzi, ingathe kufikitsa uthengawu kwa anthu amene sapita kusikelo.

Mwana amene wanenepa kale asamachititsidwe manyazi. Maina monga "Fatso" kapena "Chimbwindi", ngakhale atuluke m'kamwa mwa azakhali momuseka mwachikondi, amamupweteka, ndipo kafukufuku akusonyeza kuti ana onyozedwa chifukwa cha thupi amayamba kudya mobisa, kuthawa masewero, n'kunenepa kwambiri. Asamamanidwenso chakudya kapena kumwetsedwa mankhwala ndi tiyi wochepetsa thupi wa pamsika. Mwana akukula, ndipo kwa ambiri cholinga n'chakuti kulemera kuime kapena kukwere pang'onopang'ono pamene msinkhu ukuwonjezeka. Chifukwa chochitirapo kanthu msanga n'chakuti achinyamata pafupifupi 80 pa 100 amene ali onenepa kwambiri amakhalabe otero akakula, ndipo shuga, kuthamanga kwa magazi ndi mafuta a m'chiwindi zimayamba kale zisanaoneke.

Pitani naye kuchipatala, ndipo pemphani kuti amuyeze kutalika pamodzi ndi kulemera, ngati khungu la kumbuyo kwa khosi kapena m'khwapa lada n'kukhuthala ngati litsiro losachoka, ngati akuliza mkonono n'kumabanika kutulo, ngati akumva ludzu ndi kukodza pafupipafupi, kapena ngati akudandaula bondo kapena chiuno n'kumatsimphina. Mwana amene akunenepa koma wasiya kutalika afunika kuyezedwa mahomoni, chifukwa kunenepa kobwera ndi chakudya nthawi zambiri sikuimitsa msinkhu. Mankhwala ena, monga prednisolone ndi ena a khunyu, amanenepetsa. Ngati mwana akumwa otere auzeni adokotala zimene mukuona, koma musamusiyitse panokha.